Khosi la Mbuzi ya a Bonaventure

Lachinayi, 20 Disembala 1984

Anayamba kundiuza nkhaniyi ndi amayi Marcelina, akazi awo a Bonaventure a kalipentala, anansi anga a kuseri kwa mpandawu. Anafika pakhonde pomwe ndimasokera maambulera atanyamula ambulera yothyoka nthiti, koma ambulerayo inali chonamizira. Asanakhale pansi n'komwe: "Che Mikaili, asewere anga avomera! Abwera kudzadya Khirisimasi!"

Ndinasiya singano. Amayi Sauda kudya m'nyumba ya Akhirisitu? Chikwatiranire mwana wawo Hamdani ndi Lonely, mtsikana wa a Bonaventure, mayi amenewa sanalaweko ngakhale madzi a kumeneko. Lonely akawatumizira ndiwo, mbale imabwerera yovundikira momwemo. Mwanayo wawonda nazo, chikhalirecho ndi woyembekezera.

Kuvomera kwake kwa mawu ochepa: "Akazinga Che Mikaili, ndidya." Basi.

Mbuzi yafika kale kuchokera kwawo kwa a Bonaventure ku Mitundu. Mfule wakuda, mwendo umodzi woyera. Tapangana kuti ndidzaizinge Lolemba m'mawa tikamwa tiyi.

Si zachilendo. Kuno ku Area 1 Mkhirisitu akafuna kuti anansi onse adye naye, nkhuku kaya mbuzi amabwera nayo kwa ine kuti ndizinge mwa Chisilamu. Malipiro a wozinga ndi khosi. Ndipo za ine ndi khosi la mbuzi ngakhale agalu akudziwa. Lophika mpaka nyama kuchoka yokha pafupa, tsabola wa kambuzi pambali. Malemu mkazi wanga Asiya ankati tsiku la maliro anga adzangotereka khosi pamoto, ndidzadzuka ndekha.

Dzanja latopa. Zilembozi ndinazitola ku sukulu ya kwacha imvi zitamera kale. Liwiro langa lili pakamwa.

Loweruka, 22 Disembala

Mvula usiku wonse. Maambulera ambiri, Mulungu ndi wabwino.

Kumsika n'kosaponda. A Yufi pachipata, khadi la chipani kaye. Mpunga wakwera, tomato ngati akugulitsa golide. Ndinapeza amayi Marcelina akununkhiza mpunga thumba ndi thumba. Agulanso poto watsopano ndi mbale zatsopano zomwe sizinakhudzepo nkhumba. Mayi ameneyu akuyesetsa, abale.

Ndanola mpeni. Wa malemu bambo anga, chigwiriro cha nyanga. Ndayesa pa ubweya wa mkono, ukumeta.

Madzulo pipii, galimoto. Mwana wanga Sumaila, wa ku Area 10 uja, kumene mlonda wake anandifunsa tsiku lina kuti ndikufuna ndani. Akuti Lolemba abwana ake akudyetsa anthu a muofesi ku hotela ya ku City Centre, ndipo amva kuti bambo ake a Sumaila amadziwa nkhani za Lilongwe wakale, afisi akadali kuyenda pamsika. Akufuna andimve.

Ndinamuuza za mbuzi. Iye: "Bambo, mbuzi ili pachingwe ipita kuti? Masana tikubwezani."

Ine hotela ndimangoiona kunja. Chibadwire.

A Bonaventure ndiwauza mawa.

Lamulungu, 23 Disembala

Sindinawauze. Anali kutchalitchi. Atabwera ndinali ndi anthu pakhonde, nkhani ya ng'ona ya pa mlatho itafika pokoma.

Lolemba, 24 Disembala

Ndapita. Ndadya. Ndabwera.

Mpeni ndatsuka, ndatsukanso.

Lero sindilemba.

Lachitatu, 26 Disembala, m'mawa

Iwe Mikaili, lemba. Pepala siliseka munthu.

Lolemba lija galimoto inalira tiyi ndisanamwe. A Bonaventure anali atapita kukatula tebulo kwa mwini wake. Ndinaima pampanda n'kufuula kuti ndikubwera posachedwa. Anandiyankha ndi mbuzi yokha, ili pansi pa mango.

Ku Area 10 anandiveka jekete, mphatso ya Sumaila. Mpongozi wanga anandipatsa chitini cha mabisiketi chojambula anthu a m'chisanu. Kenako hotela. Pansi pofewa ngati ukuponda nkhosa. Mafoloko mbali iyi, mipeni mbali iyo, mipeni yake yosadula ngakhale papaya.

Anabweretsa nkhuku. Ndinafunsa mnyamata wonyamula mbale kuti anaizinga ndani. Iye: "Yachokera m'firiji, bwana." Ndinati firijiyo imaswali mzikiti uti? Tebulo lonse gwe ndi phwete. Nkhuku ndinaikana pamaso pa onse, ine Msilamu wosamala. Anandipatsa chambo ndi tchipisi. Pomaliza aisikirimu, woziziritsa mano mpaka m'makutu. Ndinapempha wina.

Ndiye nkhani. Afisi, ng'ona, Mmwenye wa sitolo amene ankagona pa matumba a shuga. Abwana aja akupukuta misozi. Sumaila akundiyang'ana ngati sanandionepo. Nkhani imodzi ikatha ine ndayamba ina. Palibe anandigwira mwendo. Mvula inayamba ndi ziphaliwali, ine ndili pakati pa nkhani ya njinga ya msilikali. Ndinaimaliza.

Anandisiya pamsewu dzuwa litapendeka kale, galimoto n'kubwerera.

A Bonaventure ndinawapeza m'shedi yawo ya matabwa, atanyowa chonyowa. Anandidikira mpaka masana. Amayi Marcelina atapita kokongoletsa tchalitchi, iwo anatuluka kukandifuna kumzikiti, kumsika, kudepoti. Kunyumba kunatsala mbuzi yokha. Chiphaliwali chitang'amba inalumpha mpanda chingwe chili m'khosi. Anaipeza ikulendewera mbali yanga.

Inali pa utuchi. Thupi lofunda pang'ono, diso litapita kale. Ndinatsina khutu, ndinakhudza diso. Zii.

Yofa yokha. Chibudu. Kwa ife ngakhale mwana amadziwa kuti sichidyedwa.

Bambo wamkulu uja anagwada. "Achimwene, msika watsekedwa, m'thumba mulibe. Mayi aja akamva ati tinachita dala. Mwana wanga Lonely wasita kale nsalu. Ingodutsitsani mpeni, yafa pompano."

Ndikanati ayi. Ndikanati tigwire nkhuku zanga ziwiri, tikanene zoona, mbuzi yachita ngozi. Koma pamenepo akanafunsa kuti wozinga anali kuti m'mawa monse. Anali ku hotela, akunyambita supuni.

Ndinailozetsa kwa Chibula, komwe timaloza popemphera, ngati mwa nthawi zonse. Dzina la Mulungu sindinathe kulitchula. Ine, amene ndinalankhula tsiku lonse. Ndinadula chete. Mwendo sunaphiriphithe. Magazi sanathamange, anangotsika pang'ono, akuda.

Tinaisenda awiri.

Lachitatu lomweli, madzulo

Za dzulo, Khirisimasi.

Amayi Sauda anafika atavala zoyera, Hamdani pambuyo atanyamula mtanga wa mandazi ndi nsalu ya mpongozi. Amayi Marcelina anawalandira pachipata penipeni, kugwada m'matope. Mpunga wa mafuta, kabichi, Fanta m'ndowa ya madzi. Wailesi ikuimba za Khirisimasi, a Bonaventure anaitsitsa.

Lonely anabweretsa mbale ya apongozi ake akuyenda ndi maondo. Amayi Sauda anayang'ana nyama, n'kuyang'ana ine. "Che Mikaili, mpeni unali wanu?"

Ndinati unali wanga.

Anatchula dzina la Mulungu, anatenga nthuli, anadya. Lonely anathawira kukhitchini kukalira. Hamdani mano onse pamtunda.

Kenako amayi Marcelina ndi kambale kapadera. Khosi. Lofewa, msuzi wofiira, kambuzi pambali, mmene ndimakondera. "Za wozinga izi, wina asayandikire!" Onse kuseka.

Ndinati dzino, aisikirimu wa ku hotela wandipweteka dzino. Ndinakankhira kambale kwa a Bonaventure. Ndinadya mpunga ndi kabichi. Hamdani anati lero dzuwa lilowera kum'mawa.

Amayi Sauda sanaseke. Dzanja lawo linaima pamwamba pa mbale kanthawi. Lonely anali atabwerera, wakhala pafupi nawo, akuwayang'ana pakamwa. Anatenga nthuli ina. Anatafuna nthawi yaitali.

Pochoka anagwira mimba ya Lonely n'kunena kuti mwana ameneyu adzabadwira m'manja mwawo. Amayi Marcelina anawakulungira mwendo wathunthu wa mbuzi m'masamba a nthochi. Analandira ndi manja awiri.

Nkhani sindinakambe ngakhale imodzi. Anthu anati dzinolo ndi lalikulu ndithu.

Chitini cha mabisiketi sindinatsegule. Jekete ili pamsomali, ndaitembenuzira kukhoma.

Lachinayi, 27 Disembala

Ambulera imodzi yokha tsiku lonse, ndipo ndaisoka mokhota.

Hamdani anabwera ndi mandazi a mayi ake. Wosangalala ngati wapambana njinga. Akuti dzulo Lonely anagona kwa apongozi, anaphikira limodzi. Ndipo uthenga: mwendo uja mayi auwamba, mawa auphika, a Shehe ndi akuluakulu akadzatuluka ku swala ya Lachisanu adzadye sadaka ya malemu bambo ake. "Akuti inu musalephere, dzino likhale litapola."

Malemu bambo ake, Che Nebert tinkawatcha choncho chifukwa cha sitolo yomwe ankagwirako asanayambe butchala. Mnzanga wa pa mkeka umodzi. Sadaka yake, chibudu. M'kamwa mwa a Shehe, m'kamwa mwa mzikiti wonse.

Ndinaitana a Bonaventure pampanda. Nkhope inagwa. "Achimwene, mukanena ndiye mwapha ukwati wa ana. Mulungu wanu sangamvetse?" Ndinati Mulungu amamvetsa zambiri, n'chifukwa chake ndikuopa. Iwo anati akazi awo sakudziwa kanthu, mpaka lero akuimba m'khitchini. Ndikuwamva ndithu pano ndikulemba.

Ndikakhala chete, ndadyetsa mzikiti. Ndikanena, mbale za Lonely ziyambanso kubwerera zovundikira, ndipo ulendo uno mpaka kalekale. Mwana wosabadwa uja adzakula ndi agogo awiri osapatsana moni.

Zonsezi chifukwa cha chambo ndi kuseka kwa anthu osandidziwa dzina.

Ndaganiza zokauba mwendowo. Nkhalamba ngati ine, kulumpha mpanda wa mayi wamasiye! Ndaganiza zogula mwendo wina n'kukasinthitsa. Ndinene kuti chiyani?

Mandazi ndapatsa nkhuku. Asiya, ukanakhalapo ukanandikoka khutu Loweruka lomwe lija.

Mawa m'bandakucha, moto asanakoleze. Ndidzati cholakwa ndi changa ndekha, a Bonaventure anapeza nditazinga kale. Bodza lina pamwamba pa linzake, koma ili ndilisenza.

Lachisanu, 28 Disembala

Ndinapita kwa amayi Sauda nditangoswali. Mpeni m'thumba la mkanjo, sindikudziwa chifukwa chake, chizolowezi.

Ndinawapeza akusesa pabwalo. Moto kulibe, poto kulibe, anyezi kulibe. Lonely ali m'tulo m'nyumba. Anandiyalira mkeka kuseri, kutali ndi zenera.

Mawu ndinawakonza njira yonse, oyamba, apakati, omaliza. Ndinangoti, "Amayi, mwendo uja..."

Iwo: "Uli pansi pa nthochi apo. Ndinaukwirira tsiku lomwelo."

Ndinayang'ana pansi pa nthochi paja.

Anati anakhala ndi mwamuna wa butchala mpaka imvi, nyama yosatuluka magazi amaidziwa, koma tsiku lija mtima unkakana kukhulupirira maso, poti wozinga ndi Che Mikaili. "Mpaka munakankha khosi. Inu! Munadya khosi pamaliro a mkazi wanu, misozi ikugwera m'mbale."

Za sadaka? Kulibe sadaka. Ankafuna aone ngati ndibwera. "Mukanapanda kubwera, lero ndikanaima pakhomo la mzikiti."

Ndinayamba bodza langa lija, lakuti a Bonaventure sakudziwa. Anakweza tsache. "Musawonjezere. Za asewere anga sindikufunsani, ndipo ana asamve."

Kenako mawu amene ndabwera nawo m'makutu mpaka kuno: "Nthuli yoyamba ndinadya osadziwa. Imeneyo mukayankha ndinu. Yachiwiri ndinadya ndikudziwa, mwana akundiyang'ana. Imeneyo ndi yanga."

Anatambasula dzanja. Ndimayesa akutsanzika. Ayi, mpeni. Akuti Hamdani wakula, aziwazingira yekha apongozi ake, khosi azidya iye. Ndinautulutsa. Chigwiriro chofunda, malo a chala cha bambo anga akuonekabe. Anaukulunga m'nsalu osauyang'ana n'komwe, n'kundifunsa ngati ndimwa tiyi.

Ndinamwa. Wopanda shuga, sanandifunse.

Pano ndili pakhonde. Ndatsegula chitini chija, mabisiketi ake ngofewa, akukoma, ndipo zikundinyansa kuti akukoma. Kuseri kwa mpanda nkhuku ikulira, wina waigwira mapiko. Amayi Marcelina. Akuti asewere awo abweranso pa Nyuwere, ndinolere mpeni. Akuitana kachiwiri tsopano. Ndiwauza kuti aitane mkamwini wawo, ndipo iwo afunsa kuti bwanji, ndiye ine ndidzati...