Uta Umene Atate Asankha

Mudzi wa Tsumba,
Vubwi.
21 Seputembala 2025

Okondedwa achimwene a Godfrey,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Limpopoko, inu ndi alamu anga. Kuno tadzuka. Mudabwa kuona pepala pamene foni ndili nayo, koma mukudziwa kuti mukangoimba, atate amakhala atafika kale pambali panga, khutu lili tcheru. Ndiye ndapatsira Valentino, mwana wa a Zulu a kutsidya kwa dambo, amene akubwerera ku Joni Lachiwiri. Akuti basi yawo imaima ku Polokwane.

Nkhani ndi ya uta uja. Zithunzi zitatu zimene munatumiza mu Juni, za mauta a mawilo amene azungu amasakira nyama pafamu panupo, zatekesa mudzi wonse. Atate anakana kusankha pa kagalasi ka foni, amvekere chinthu chodula sasankha ngati akusuzumira m'botolo. Ndinachita kukazisindikiza pa sitolo ya a Munir tsiku limene tinapita ku Katete, ndipo pano zili pakhoma, pafupi ndi kalendala ya kutchalitchi. Mauta onse ali ndi mayina. Wakuda waukulu uja ndi Njati, wamawangamawanga ndi Msilikali, ndipo wamng'ono, umene munati ndi wa azimayi ndi ana, a Nason anautcha Kalegeni.

A Nason mukuwakumbuka, anzawo a atate a kuuzimba aja. Amabwera m'mawa uliwonse kudzakangana. Tsiku loyamba anayang'anitsitsa zithunzizo, nati, "A Mwale, chinthu chamawilo chotere ndi uta kapena njinga? Muzikwerapo pothamangitsa gwape?"

Atate anati, "Munthu amene anaphonya mbawala ili gone n'kulasa chulu asandiphunzitse za uta."

"Chulucho chinasuntha!" anatero a Nason, ndipo amayi anaseka mpaka kukhetsa misozi. Achimwene, panali patapita miyezi itatu chisekere amayi m'nyumba muno.

Apa ndiye pamene cholembera chikundilemera. Munandifunsa zinthu ziwiri: kutalika kwa manja a atate atawatambasula, ndi makilo amene angathe kukoka. Ndinakuyankhani kuti makilo makumi atatu, ndipo kuti asankha Njati. Ndinakunamizani. Anachita kundiuza zolemba, ine n'kulemba.

Pa 9 Malichi atate anagwa m'munda wa nshawa. Amayi anawapeza atagona mumzere, pakamwa patapotoka, mawu osamveka. Tinawanyamula pangolo mpaka kuchipatala chathu chaching'ono, kenaka anatitumiza ku Katete kumene tinakhala milungu itatu. Madokotala anati ndi sitiroko. Mwendo unabwerera, mawu anabwerera, koma dzanja lamanja linatsala lende ngati si lawo. Mawu oyamba omveka bwino amene anandiuza anali akuti, "Godfrey asamve. Asiya ntchito ameneyo, ndimamudziwa." Masiku amene ndinkakuuzani kuti netiweki yavuta chifukwa cha mvula, tinali m'chipatala. Jekete limene mumawaona atafunda pa vidiyo, ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndi lobisira dzanjalo.

Titabwerera kumudzi anangokhala pamphasa. Kuchipatala anawapatsa kampira koti azifinya, iwo anakaponyera galu. Ankadya pang'ono, ndipo alendo akabwera ankatembenukira kukhoma. Munthu uja amene ankayenda mpaka kumapiri a kumalire a Mozambiki n'kubwerako tsiku lomwelo, tinkachita kumupempha kuti atuluke akaothere dzuwa.

Ndiye kunabwera zithunzi zanu, ndi mawu aja munajambula ofotokoza kuti uta wa mawilo umalimba poyamba pokha, ukangoukoka kufika patsaya mawilo amakusenzera, iwe n'kumangoyang'ana nyama mosanjenjemera. Anandiuza kuti ndibwereze mawuwo kasanu. Kenaka anafunsa kuti, "Ndiye kuti munthu amangofunika mphamvu ya kanthawi kochepa?" Ndinati ndi mmene achimwene akunenera. Kenaka anati, "Kandipezere chubu chakale cha njinga."

Anachimangirira kumtengo wa mango wa kuseri kwa nkhokwe, kumene anthu odutsa saona. Ndinabwereka sikelo yokoleka kwa bambo wogula thonje, tinaimangirira pakati, kuti tiziona makilo. Tsiku loyamba zala zinakana ngakhale kugwira chubucho, ndinachita kuwakulungira m'dzanja. Muvi wa sikelo unafika pa makilo awiri. Anatukwana sikeloyo kuti ndi ya akuba, n'chifukwa chake alimi a thonje salemera. Koma m'mawa mwake ndinawapeza ali pomwepo ine ndisanasese pabwalo. Kuyambira pamenepo sanadumphitse tsiku, kupatula Lamulungu. Amayi amawathowa phewa ndi madzi ofunda n'kuwapaka mafuta a nsatsi, uku akuwanena kuti, "Madokotala anakulepherani, mwadzuka ndi mapepala a pakhoma."

Poyeza manja paja ndinawaimika pakhoma. Lamanzere linatambasuka bwinobwino, lamanja linakwera pang'ono n'kugwa. Amayi analigwira m'mwamba ine ndikulemba ndi khala. Muyeso umenewo wokha ndi woona. Atate anayang'ana kudenga nthawi yonseyo, osatiyang'ana.

Lero sikelo ikufika pa makilo asanu ndi anayi. Amadya okha ndi dzanja lamanja, ndipo sabata yatha anamanga okha mabatani a malaya. Koma makumi atatu, achimwene, ngakhale iwo akudziwa kuti sangafikepo.

Lachinayi lapitali tinalawirira kudimba kukathirira nyemba. Agwape atisautsa chaka chino, chifukwa kutchire kwauma ndipo kwapsa. Ndinadabwa kuona atate atatsitsa uta wawo wakale wamtengo uja, ndi mivi iwiri. Titangodutsa pa nthochi anandigwira mkono. Gwape anali pakati pa nyemba, wamphongo, tinyanga tili nyomi, pafupi moti ndinkaona makutu ake akugwedera. Atate anagwada pang'onopang'ono monga ankachitira kale, mpaka ine ndinaona ngati ndabwerera ku umwana. Anaika muvi, nakoka. Nsinga inabwera pang'ono chabe, zala zinatseguka zokha, muvi unagwera pamphuno pathu pomwepa, mumzere wa anyezi.

Gwape uja anadzutsa mutu natiyang'ana. Anabudula tsamba lina, natafuna, kenaka anayenda mwaulesi kukatulukira pampanda.

"Waona?" anatero atate. "Sanathawe n'komwe. Zaka makumi anayi agwape akundiopa, lero uyu wandiyesa chitsa."

Ndinkadikira kuti aseke, koma sanaseke. Anakhala pansi pamzere, uta uli pamiyendo. Ine ndinatenga keni n'kuyamba kuthirira, chifukwa ndinaona kuti akufuna ndisawaone kumaso. Nditamaliza mizere inayi anandiitana.

"Ireen, Njati ija imafuna makilo angati?"

"Makumi atatu, atate."

"Nanga kakang'ono kaja?"

"Achimwene anati kamayambira pa khumi ndi awiri, ndipo kali ndi pomanga kuti kazilimba munthu akamakula mphamvu."

Anawerenga ndi zala za dzanja lodwalalo, chimodzichimodzi. "Atsala atatu," anatero. "Umuuze mlongo wako agule kakang'onoko. Ndalama zake zisapite pa chinthu chodzangokongoletsa khoma."

Ndinafunsa kuti nanga akandifunsa chifukwa ndidzati chiyani. Anatola muvi uja, naupukuta dothi pa buluku. "Umuuze zonse. Koma osati pa foni, ine ndisamve nawo. Ndipo a Nason asadziwe kuti ndasankha Kalegeni mpaka katafika. Ndikufuna ndidzawalasire papaya ali pomwepo, tione ngati adzakatchulenso dzinalo."

Ndiye zopempha zanga ndi izi. Gulani wamng'onowo, ndipo ngati ulipo wakuda mutenge wakuda, mukudziwa mtima wa atate wanu. Mivi ikhale yopepuka. Munanenanso za kachingwe komanga pamkono kamene kamagwira nsinga m'malo mwa zala. Kameneko musakaiwale, chifukwa zala ndi zimene zikuchedwa kubwerera. Za mapepala mufunse bwino musanafike nawo pa boda, ndipo ine ndikafunsa kuboma kuno za chilolezo, kuti nkhalamba yathu isadzagone m'chitokosi chifukwa cha gwape. Kunena zoona, kaya adzalasadi nyama kaya azidzangolasa mapapaya, ine zilibe kanthu. Ndikungofuna azidzuka m'mawa.

Chachikulu n'chakuti musautumize pa basi. Mubwere nawo nokha pa Khirisimasi. Atate akuti chinthu chamawilo sangachiphunzire kwa munthu wamba, akufuna mwana amene anamuphunzitsa okha kugwira uta adzawabwezere. Koma ntchito musasiye, ndapota nanu. Mukatero mudzawatsimikizira kuti analakwa kulola kuti mumve, ndipo sadzatiuzanso kanthu. Mukaimba Lamulungu muyankhule nawo monga mwa masiku onse, muwafunse za nyemba, muwaseke za a Nason. Jekete akalivula okha, ndiye kuti nthawi yakwana.

Ine mundikhululukire, achimwene. Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikukusekererani pa foni mtima uli kwina. Ndinali pakati pa atate ndi inu, ndipo sindinadziwe woti ndimulakwire. Mukafuna kundikalipira mudzandikalipire muli pano, ndidzakhala pansi n'kumvetsera.

Amayi akupereka moni, akuti nshawa zimene Valentino wanyamula ndi za alamu, inu mungolawa. A Nason akuti muwabweretsere chipewa ngati cha azungu anuwo, poti iwo uta wa njinga sakuufuna. A kwaya akukufunsani. Mvula ikayamba bwino tidzadzala nshawa m'munda womwe uja. Atate akuti mzere umene anagweramo adzadzala okha.

Ndimati nditseke envelopu, atate alowa n'kufunsa ngati ndamaliza. Sanafune kuti ndiwawerengere. Angopempha cholembera. Zimene mukuone pansi pa dzina langazo si nkhuku yapalasa ayi. Atenga nthawi yaitali, lilime lili panja ngati mwana wa giredi yoyamba, ndipo akana kuti ndiwagwire dzanja. N'koyamba kulemba chigwereni.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Ireen

Godfrey mwanawanga bwela. Ndine tate wako
Jailos Mwale