Ziguduli Zonyowa Padenga

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko? Kodi nakonso kukutentha ngati kuno?

Ife tilipo. Mtedza wa m'munda mwanu ku Chikomeni unabereka bwino, chimanga chokha ndi chimene chinavutika ndi ng'amba. Koma nkhani yaikulu ndi yakuti mpongozi wanu Tamara anatipatsa mwana wamkazi mu Ogasiti. Tinamutcha dzina lanu, ndiye pakhomo pano tonse timangomuti amayi aang'ono. Mphuno ndi yanu, kaukali nakonso ndi kanu.

Tsopano ndiulule. Nyumba yamalata tinkakanganirana ija ndinamanga inu mutangotisiya. Paja munkati, "Udzu upuma, mwana wanga, malata sapuma." Ine ndinkaseka, ndinkati ndi zachikale. Mtengo wa mango munkakhala pansi pake uja ndinaudula kuti nyumba ipeze malo, ndipo siling'i sindinaike.

Okutobala atafika, m'nyumba munatentha ngati m'balani ya fodya. Mwana anatuluka totupa m'khosi ndi kumsana, akungolira, bere akulikana. Kuchipatala anatiuza kuti mwana wakhanda asamakhale motentha chotero. Ndinachita mantha, amayi, sindinama.

Tsiku lotsatira dzuwa lili pamutu ndinakwera padenga ndi ndowa, n'kukhuthula madzi pamalata. Ena anatsetsereka, otsalawo anauma ine ndisanatsike pamakwerero. Zigubu zitatu zimene ndinanyamula panjinga kuchokera kumjigo zinathera pomwepo. Odutsa mumsewu anaima n'kumandiseka, ati ndikuthirira nyumba kuti imere.

Ndinakhala pakhonde manyazi atandigwira, maso anga n'kugwera pamtsuko wanu uja. Ndinakumbukira mmene munkaukulungira ndi chiguduli chonyowa, madzi n'kumazizira tsiku lonse, ife n'kumalimbirana chikho. Pompo ndinakatenga ziguduli zakale za fodya, ndinaziyala padenga pamwamba pa chipinda cha mwana, n'kutsamiza ndi njerwa. Tsopano ndimazithirira ndi kheni yakudimba, mmawa, masana ndiponso dzuwa likapendeka. Chiguduli chimasunga madzi, ndipo kamphepo kakamadutsa, malata amazizira pang'onopang'ono.

Lero ndi sabata yachiwiri. Totupa tija tauma, mwana akuyamwa mpaka mkaka kutayikira m'masaya, ndipo masana amagona tulo tofa nato. Ondiseka aja awiri abwera kale kudzapempha ziguduli.

Nyumba yomwe ndinkanyadira ija tsopano yavala masanza kumutu, ndipo ndikudziwa kuti mukanaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Sekani ndithu, mwawina. Ndakusowani kwambiri, amayi.

Mvula yoyamba ikangogwa ndidzabzala mtengo wina wa mango pambali pa chitsa chija, ndipo palibe adzaukhudze ndi nkhwangwa ine ndili moyo. Inu munandiuza ndi mawu abwinobwino, ine osamva. Amayi aang'onowa anangolira, ndipo ndinakwera padenga.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamakani uja,
Yotamu