Miyala ya ku Dubai Yochokera Kuseri kwa Bala

Lolemba, 7 Julayi

Ndili mwana, ulendo wa kwaya ku Zomba. Zenera la tchalitchi la magalasi amitundumitundu, kuwala kobiriwira pamkono panga. Ndinaiwala kuimba. Digiri yanga ya zaluso inayambira pamenepo. Lero digiriyo inali kuseri kwa bala, kutola mabotolo osweka.

Kuswa, kunola pamwala, sandipepala, waya. Ndolo zatuluka bwino. Chala ndiye ayi.

Lachinayi, 10 Julayi

A Jaffalie, eni nyumba, andipeza ndikutsitsa thumba pa kabaza. Thumba linalira lokha. "Amadamu, zonsezi mwamaliza nokha?" Ine kuseka ngati chitsiru.

Akuti pa Mponda ponse pamveka kuti ndimamwa mwakachetechete, mwa anthu ophunzira. Ine amene thobwa logona limandizunguza mutu! Mwezi ukatha ndichoke, nyumba yawo isanunkhe. Ndipita kuti ndi miyala yonolerayi?

Yankho labwino ndinali nalo. Linafika iwo atapita kale.

Loweruka, 12 Julayi

Ku Blantyre, chionetsero cha zaluso. Wina wakhomerera zidutswa za matayala kukhoma, anthu akugwedeza mitu. Nanenso ndinagwedeza. Chondigwira mtima chinali chimodzi: chithunzi cha mayi akuchapa, msana wokhawokha. Ndinaima mpaka mlonda anatsokomola.

Zinyalala zikakhala pakhoma, dzina pansi pake, ndi luso. Zikakhala m'nyumba ya lendi ndi uchidakwa. Kapena luso ndilibe, ndili ndi thumba chabe.

Lachitatu, 16 Julayi

Abiti Wadi, akazi a eni nyumba, abwera amuna awo ali kumsika. Mwana wawo akukwatiwa Loweruka. Asankha mkanda wobiriwira ndi ndolo zake. Mtima sunandilole, ndinawauza kuti linali botolo la mowa. Anauyang'ana padzuwa. "Munalitsuka? Basi. Nanga botolo limaledzera?" Akutuluka anawonjeza kuti abambo aja ndisawauze kaye.

Loweruka, 19 Julayi

Ukwati. Ine kumbuyo ndi mbale ya mpunga. A Jaffalie kuzungulira ndi alendo, kuloza khosi la akazi awo: "Miyala ya ku Dubai imeneyo!" Anthu kugwedeza mitu ngati a ku Blantyre aja. Mpunga unandilowa m'mphuno.

Lachiwiri, 29 Julayi

Katundu ndamanga theka. Nyumba ina sindinapeze.

Odi pakhomo. A Jaffalie, maso ali ku denga ngati akuona podontha. Akazi awo awauza zoona za mkanda uja dzulo, achemwali awo a ku Katuli atalimbikira kuti nawonso akufuna ya ku Dubai. Anatsokomola. Akuti za kusamuka zija ndinamva molakwa, iwo sanganene zotero kwa mwana wawo. "Kungoti thumbalo lizilowera kuseri, amadamu. Komanso za Dubai zikhale choncho."

Asankhira achemwaliwo mkanda wabulauni. Umenewu botolo lake ndikulikumbuka bwino.

Akufuna ndiukulunge usasweke pa njinga. Nyuzipepala yatha. Pepala lokhalo lomwe ndili nalo ndi lomwe ndikulembapoli, masamba onse kuyambira pa 7 Julayi. Kuwerenga amadziwa, ndipo chilichonse cholembedwa sachisiya, ngakhale chokulungira usipa.

Mwina mawa ndimaliza kumanga katundu uja. Koma lero lokha yankho langa lifike mwini wake akadali pakhomo.

Akuitananso. Ndikung'amba, ndipinde