Chipewa cha Amalume pa Mzere Wachitatu

Lachitatu, 7 Ogasiti

Manyazi andigwira, ine Azucena Ferrarotti, soprano wa digiri yanga. Sewero litatha ndatulukira khomo lakumbuyo, n'kupeza bambo wachikulire akunditambasulira pepala. Ndalilanda monyadira n'kulembapo kuti, "Ndi chikondi, Azucena." Bamboyo akuti, "Iwe Zuce, imeneyotu ndi kalata ya adokotala." Amalume Evaristo a ku Gualeguay! Abwera kudzapimitsa bondo. Agona kwanga usiku umodzi wokha.

Siginecha yanga yoyamba mwezi uno, ndipo yagwera pa bondo.

Liwu lija lapamwamba lotsekera gawo loyamba lathyokanso. Tambala wophunzira kulira. Bermúdez, mwini sewero, wati Lamulungu pa 18 adzalengeza amene apite ndi sewerolo ku Rosario ndi ku Córdoba: ine kapena Milagros, mtsikana wondidikirira kuseri kwa katani. Ndinayamba kuimba m'nyumba za zisudzo za mumsewu wa Corrientes iye asanabadwe.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Adokotala ati bondo lipumule. Afunsanso kuti Azucena ndani.

Ndawapezera amalume mpando wa m'mphepete pa mzere wachitatu, kuti adziwe kumene inapita ndalama ya sukulu. Ndiye liwu lija labwera! Loyera, lalitali, mpaka woimbitsa anakweza nsidze. Milagros wandipsompsona masaya onse awiri. Kamwana kabwino, n'chifukwa chake kamandinyansa.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Perla, amene wakhala akundiveka zovala chiyambire, anafunsa kuti dzulo chinasintha n'chiyani. Nditatchula amalume anasiya zipi pakati pa msana.

"Ndiye cábala imeneyo, chithumwa chako cha mwayi. Chimene chayenda bwino sachisintha. Mpando womwewo, amalume omwewo, masokosi omwewo osachapa."

Ndinamuuza kuti ndinaphunzira za mpweya ndi minofu ya pakhosi zaka zisanu, ndipo mwa mabuku onse aja mulibe mutu wa amalume.

"Chabwino, adokotala a mmero. Auzeni azipita."

Sindinawauze. Tikiti yawo ya basi ndaisinthitsa. Liwu labweranso.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Labwera dzulo, labwera lero. Amalume tsopano ndi munthu wamkulu kuposa ine. Ovina amawagwira bondo katani isanatseguke, lodwala lomwelo. Bermúdez anawagwira dzanja n'kuwatchula kuti Don Evaristo. Ine amangonditchula "mayi".

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Lachiwiri likagwera pa 13 ndi tsiku la tsoka, ati. Zachabechabe. Sindinatuluke, koma n'chifukwa cha mphepo basi.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Lolemba ndi Lachiwiri ndi masiku anga otseka pakamwa kuti mmero upume. Ndinawafotokozera. Anati, "Usavutike mwanawe, ndizilankhula ndine." Ndipo analankhuladi: njuchi zawo, madzi osefukira, munthu amene anawabera hatchi boma lisanasinthe. Nkhani iliyonse imathera pa "Ukumukumbuka?" ndipo ndikangogwedeza mutu akuti ndayamba kunyada.

Wailesi ya mpira kuyambira m'mawa. Nyama yokazinga mawindo ali chitsekere, utsi mpaka m'zovala. Mkonono wawo ndi besi yabwino kuposa ya mnzathu wina amene amalipidwa.

Anti Ofelia, akazi awo, aimba foni: "Mwamuna wanga mwam'kwatitsa kumeneko? Njuchi zikumufunsa."

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndadzuka mawu ali ngati ndameza mchenga. Liwu labwera, koma lowonda, lotsimphina ngati mwini cábala. B. anaima kumbali ndi Milagros, akunong'onezana. Ndinamva mawu amodzi okha: "kutopa."

Amalume akakhala, sindigona ndipo mmero ukutha. Akapita... Ndalemba chiganizo chimenechi kawiri n'kuchisiya. Digiri ili pakhoma ikundiyang'ana.

Loweruka, 17 Ogasiti

Masana ano, akuthira madzi otentha m'chikho chawo cha tiyi wa yerba, andifunsa mwaulemu:

"Kodi Zuce, liwu limene anthu akulitchulatchulali umaliimba nthawi yanji?"

Ndinayesa akuseka. Ndati kumapeto kwa gawo loyamba, nditaima pamwamba pa masitepe, diresi loyera.

"Pali masitepe?"

Nkhani yake ndi iyi. Mpando uja ndi wopanikiza, bondo silipirira. Tsiku loyamba lomwe, nditangomaliza nyimbo yoyamba, anatuluka mwakachetechete. Anawoloka msewu, n'kukadya pitsa ya anyezi ataimirira, mwendo uli tambalala, akukangana za mpira ndi wodula pitsayo. Nthawi yopuma ankabwerera limodzi ndi osuta fodya. Tsiku lililonse choncho. Ine pa siteji magetsi amandithobwa m'maso, mzere wachitatu sindiuona.

"Nanga pampando pankakhala ndani, amalume?"

"Chipewa. Kuti wina asandilande malo."

"Bwanji osanena?"

"Anthu akundigwira bondo, akunditchula Don, ndinene chiyani? Ku Gualeguay amene amandigwira bondo ndi galu yekha."

Ndinaseka mpaka ndinakumbuka kuti kuseka kumawononga mawu. Kenako ndinapita kubafa n'kulira pang'ono, komwenso kumawononga.

Ndawagulira tikiti ya mawa masana. Lero usiku agona kwa mnzawo wodula pitsa uja. Ine ndigona ngati mtembo.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Ndagona. Ndadzuka mmero uli wanga.

Anabwera kudzatenga chikwama, "kamphindi kokha." Kamphindi ka amalume. Yerba kaye. Kenako anafuna kukonza mpope wa m'khitchini umene sunawonongeke. Anatsanzika pa khomo la chipinda, anatsanzikanso pa khomo lalikulu, anabwerera kudzafuna magalasi ali pamphuno.

Perla anaimba foni ali wefuwefu: "Wapenga? Lero lenilenilo? Amange pampando!" Ndinamuuza za pitsa. Anati: "Ndiye cábala ndi chipewacho. Munthuyo apite, chipewa chitsale."

Amalume anamva. Anachivula n'kuchiika patebulo mosamala ngati dzira. "Tenga mwanawe. Chinamva zambiri kuposa ine."

Akutsika masitepe pang'onopang'ono, bondo patsogolo, ndinawaitana. Ndati simungabwerere kwa Anti Ofelia osalimva. Ndinaima pamwamba, nditavala masilipasi, ndinakoka mpweya monga anandiphunzitsira kusukulu kuja, n'kulitulutsa. Linakwera nyumba yonse, loyera, lopanda mng'alu. Galu wa pansi anauwa. Wina anamenya khoma.

Amalume anadikira mpaka litatha.

"Ndi limeneli?"

"Ndi limenelo."

"Labwino ndithu. Koma pitsa ija, Zuce..."

Chitseko cha pansi chinatsekeka. Ndinatsala ndi chipewa. Ndinachiika m'chikwama cha kuntchito. Ndinachitulutsa. Ndinachiikamonso, ndati n'cha Perla, si changa. Kenako ndinathamangira pakhonde la m'mwamba. Anali akulimbana ndi kulowetsa mwendo m'takisi, dazi lili pamphepo ya Ogasiti.

"Amalume! Mudwala chimfine!"

Ndinachiponya. Chinagwera padenga la takisi, woyendetsa anatukwana, amalume anachitola n'kuchivala chopendekeka. Anakweza dzanja osayang'ana m'mwamba. Takisi inakhota pakona.

Ndatsegula mawindo onse. Masokosi anga aja ndawaviika m'madzi.