Chidole chogwada cha m'sitolo ya nsapato

Akulu anga okondedwa,

Ndikhulupirira nonse muli bwino, ndipo bondo la amayi lasiya kulosera mvula. Kuno tilipo. Mwana wanu Kadona akudya, akukula, masamu akukhoza, koma ine sakundiyankhula. Akafuna kanthu amauza mphaka kuti akawauze mayi aang'ono kuti sopo watha. Ndati mumve kwa ine, mphakayo asanakuuzeni.

Panjira ya kusukulu, pomwe ana amadikirira kuwoloka msewu, pali sitolo ya nsapato ya galasi lalikulu. Mwezi watha anaikamo zidole ziwiri zazikulu ngati anthu. Chachimuna chinakhala pampando chili mu suti, phazi lili pamsana pa chachikazi, chomwe chinagwada manja ali pansi, chitavala kasiketi kosakwana n'kupukutira mbale komwe. Pamwamba analembapo zoti nsapato ya mwamuna weniweni sisankha poponda. Ine ndinkangotsonya n'kudutsa.

Kenako aphunzitsi anandiitanitsa. Akuti pa buleki anapeza ana akusewera sitolo ya nsapato, anyamata pamipando, atsikana atagwada, wathuyu ali pansi, phazi la mwana wa eni lili pa yunifolomu yomwe ndinasita ndekha. Nditamufunsa anandiyankha monyadira kuti anamusankha chifukwa msana wake ndi wowongoka.

Mukundidziwa. Digiri yanga yonse ya ku yunivesite inakwera kumutu. Loweruka ndinalawirira kusitoloko, ndipo m'galasimo ndinapezamo mayi wina, wopanda nsapato monga amachitira oveka zidole kuti asadetse pansi, mapini ali kukamwa, atagwada akugwira kasiketi kaja. Ndinagogoda galasi ndi kiyi n'kuyamba ulaliki. Anthu anaima, enanso anandiombera m'manja, ndipo ndisakunamizeni, zinandikomera. Mayiyo atalavulira mapini m'dzanja anangoti iye amaveka zomwe abwana ajambula papepala. Abwanawo anali mu ofesi, chitseko chili chotseka. Chitseko chimenecho sindinagogode, akulu. Ndinagogoda pomwe panali poonekera.

Ndinajambula chithunzi n'kuchiponya pa gulu la makolo la pafoni, ndi mawu oti ndikawawerenga lero ndimamva kutentha m'makutu. Pachithunzipo nkhope ya mayi uja ikuoneka bwinobwino, dzanja lili pa siketi ya chidole. Lolemba makolo anadzaza pakhomo la sitolo. Abwana anatuluka dzanja lili pachifuwa, n'kunena kuti nawonso ali ndi ana aakazi, zawakhumudwitsa kwambiri, ndipo wantchito yemwe anachita zimenezi mwa yekha amuchotsa kale. Munthu woyenda pansi pa galasi limenelo m'mawa uliwonse, mwezi wathunthu, akuti sanaone!

Tsopano m'galasimo muli nsapato za sukulu ndi maluwa apulasitiki. Makolo akundipatsa moni ndi manja awiri. Abwana ananditumizira uthenga woti ndikasankhe nsapato pamtengo wotsika, ndipo ndinakana mokweza, ngakhale kuti zofiira zija zinali zokongola.

Chomwe sindinadziwe n'chakuti mayi uja ndi make wa mnzake wa Kadona, yemwe amakhala naye desiki imodzi, amene amagawana naye labala ndi zinsinsi. Mwanayo akuti teremu ikatha amutumiza kwa achibale, chifukwa pakhomo palibenso wogwira ntchito. Kadona anauza mphaka kuti anthu ena anapita kukamenyana ndi chidole, koma anagwetsa munthu. Ndinafuna kumukalipira, koma ndinasowa polakwika pa chiganizocho.

Ndinapita kwa mayi uja kukapepesa. Anandipatsa mpando wokhawo wa m'nyumbamo, iye n'kukhala pa ndowa. Sanandinyoze, ndipo bola akanatero. Anati nayenso chidolecho chinkamunyansa, popeza mwana wake amadutsanso pomwepo, ndipo tsiku lija ankamasula mpendero kuti siketi itsikeko pang'ono abwana asanazindikire. Pachithunzi, akulu, dzanja lotsitsa ndi lokweza zimaoneka chimodzimodzi. Akuti m'sitolo zina akangolowa kukafuna ntchito amamuzindikira, n'kumuuza kuti malo palibe. Ndinalemba pa gulu lija kukonza nkhaniyo. Wina anandiyankha ndi kachala koloza m'mwamba, wina anafunsa ngati ana ali ndi homuweki.

Kudandaula za galasi lija sindikudandaula, ndipo akaikamonso zotere ndidzapitanso. Koma ndidzapitirira mpaka ku ofesi.

Pempho langa ndi limodzi. Mng'ono wa alamu ali ndi sitolo ya zovala kuno, ndipo zidole zake zimavala ngati zathawa moto. Akufunika munthu ngati mayiyu. Ine foni yanga sayankha chiyambire ukwati uja, pomwe ndinanena kuti suti yake inasokedwa mwini asanafike. Alamu okha ndi amene amawamvera. Chonde akamuyankhulire sabata ino, teremu isanathe. Amuuze kuti mayiyu ali ndi manja abwino, ndipo wolakwa pachithunzi chija ndi amene anagwira foni. Amuuzenso kuti za suti ndabweza, ngakhale kuti tonse tinaiona.

Akafuna kuti ndikamugwadire, ndipita ndikagwade pakhomo la sitolo yake masana, anthu akuona. Msana wanga nawonso ndi wowongoka. Phazi lokha asaikepo.

Mupereke moni kwa amayi, koma nkhaniyi muwabisireko, angayambenso zoti anandiuza kale za pakamwa panga. Moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa achimwene ngati akukumbukirabe kuti ali ndi alongo awiri. Kadona wauza mphaka kuti akukusowani.

Ine mng'ono wanu,
Wa pakamwa uja