Nambala ya pa khadi

Wapakauntala 11:42
madam tulukani kaye mu training mo. ndalakwitsa chachikulu kuno ku laibulale

Wapakauntala 11:43
mayi aja ampango wobiriwira abwera mmawa diso lili lotupa. anandinong'oneza kt ndiwasakire pa internet malo obisalako amayi othawa nkhanza za amuna awo

Madam 11:51
wachita bwino. history wafufuta?

Wapakauntala 11:52
ndafufuta monga munatiphunzitsira. ndapeza malo atatu. anathamangira mwana kusukulu, ati abwera 2 koloko kudzatenga pepala. koma nditamaliza ndadina close request

Madam 11:52
ndiye?

Wapakauntala 11:53
system yatsopano ija imatumiza yokha zomwe tapeza ku nambala ya pa khadi. nambalayo ndi ya amuna awowo. anawalembetsa ndi iwowo, mayiwa alibe foni

Madam 11:53
mayo ine. wapita uthengawo?

Wapakauntala 11:54
ikuti pending. network yaulesi timaitukwana daily ija lero ndikuipempherera

Madam 11:54
[voice 0:05]

Madam 11:55
wamva? zula waya wa router pompano!!

Wapakauntala 11:57
ndazula. anthu apa makompyuta akundilalatira koma sindikuwamva nkomwe. madam, ndikuopa

Madam 12:16
wa IT wayankha. akuti uthenga suchokera pa kompyuta yathu, umachokera ku server. waya uja wazula pachabe. lumikiza uone

Wapakauntala 12:21
delivered

Wapakauntala 12:21
madam

Madam 12:24
usalire pa kauntala. ndanyamuka. akangofika uwalowetse mchipinda chomatira mabuku, ukhome. aliyense akafunsa sunawaone

Wapakauntala 12:25
nanga akayamba apita kunyumba? adilesi ya pa khadi ndi yakale, anasamuka. sukulu ya mwanayo sindikuidziwa

Wapakauntala 13:08
nambala ija yayankha

Wapakauntala 13:08
[forwarded] zikomo a laibulale, ntchito mumaitha. malo onse atatu ndawaona. kwa ine anati akukabweza buku

Madam 13:09
[missed call]

Madam 13:10
imbira malo atatuwo uwachenjeze. ndili mnjira

Wapakauntala 13:31
ndaimba. konse sanafikeko

Wapakauntala 14:00
2 koloko. chitseko chikangolira ndikumadzuka kuona ngati ndi iwo

Wapakauntala 14:26
abwera mwina eti madam? mwina mwana wachedwa kuweruka

Wapakauntala 14:49
pepala lawo lili apa. ndalipinda kanayi monga anandipempha, kt likwane mu nsapato