AMataka Alembedwe Pachikuto

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chisepo tonse tili bwino, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Chimbale changa chija ndajambula, koma panali nkhondo. Ndinapita ku situdiyo ku Lilongwe ndi aMataka, oimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu aja. Mwini situdiyo atawona zala zawo zothimbirira ndi fodya, anaseka. "Asisi, nyimbo zanu n'zamakono. Ndili ndi anyamata anga odziwa ntchito. Madalawa abwerere akasoke fodya."

Ndinamuyankha kuti, "Nyimbozi ndinapeka ndine, ndipo anandiphunzitsa gitala ndi bambowa. Akatuluka, inenso ndatuluka." Ndinanyamuladi chikwama.

Anatilola monyinyirika. AMataka atangokhudza nsambo, mnyamata wake woimba ng'oma anaika foni pansi n'kuyamba kuwatsatira.

Pano mwini situdiyo uja akuti pachikuto cha chimbalecho palembedwe dzina langa lokha. Ndakana. Onse anayi amene anandiimbira alembedwe, aMataka pamwamba, apo ayi chimbalecho chisatuluke.

Mukaimba foni musandiuze zoti ndifatse. Mungondipempherera, komanso munditumizireko nsambo zatsopano. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Tiyamike